Waya Umene Ndinadula

Ku Springfield, kutali m'dziko la eni, ndinkasesa pa kampani ina yosindikiza zotsatsa malonda. Tsiku lina anataya makatoni a timabuku todabwitsa. Ukatsegula chikuto, kagalasi kam'kati kankayaka n'kuonetsa galimoto yatsopano ikuthamanga m'mapiri, mzungu akuitamanda mokweza. Ndinatolapo tiwiri. Mmphawi sadutsa padzala maso ali kumwamba.

Ndinapita nato kwa achimwene ena a ku Mangochi, okonza mafoni ku KwaMashu. Anang'amba kabuku kamodzi ngati akutumbula nsomba. Munali batire, kasipika, kamaginito koyatsa ukatsegula, ndi kabowo kolowetsa chingwe cha kompyuta.

"Galimotoyi titha kuichotsa," anatero. "Muli nacho choikamo?"

Ndinali nacho chimodzi chokha: kavidiyo ka malemu mkazi wanga akuchapa, akuimbira mwana wathu wamkazi ali kumsana, kenaka n'kundikalipira kuti ndisiye kujambula. Poyamba kanakana kulowa, mpaka achimwenewo anakachepetsa. Atatsegula kabuku kachiwiri kaja, mkazi wanga anaimba pakati pa mafoni akufa, ine misozi mbwee.

Mwanayo anali wa zaka zinayi, ndipo mayi ake sankawakumbukira. Kabukuko kanakhala kake. Akadzuka ankakatsegula n'kupereka moni, pogona ankatsanzika. Vuto linali limodzi, kanalibe pochepetsera mawu. Otsatsa malonda sadziwa kunong'ona.

Mu 2015, eni dziko atayamba kusaka ife alendo, mayi eni nyumba anandiitanira kuseri.

"Bhuti, mlongo wanga, khomali n'lopyapyala. Anyamata akufunsa kuti m'chipindamo akuimba chilankhulo chanji. Eish, ine sindifuna moto pano."

Anali munthu wabwino, ndipo nawonso anali ndi mantha.

Ndinabisa kabukuko, koma mwana analira kuposa sipika, m'Chichewa chomwecho. Ndinamata nsalu pasipikapo, nyimbo inkatulukabe. Ndiye iye akusamba, ndinamatula katoni n'kudula kawaya kofiira ka sipika ndi chowengera zikhadabo. Ndinadziona ngati ndikumuikanso m'manda mkazi wanga, ndekha, popanda wondigwira mkono.

Mwana atavala anatsegula kabuku kaja. Mayi ake ankachapa, milomo ikuyenda, koma kuli zii. Anatseka, natsegulanso. Anaika khutu pagalasipo.

"Ababa, amayi andikwiyira?"

"Ayi, mwanawe."

Anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa monong'ona, monga ndinamuphunzitsira polankhula mu taxi.

"Nawonso akuopa?"

Ndinamuyankha kuti eya.