Chiwongo Pamwamba pa Tsamba

Pamene banja lathu linagwirizana zomanga chiliza cha agogo aamuna, omwe anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, ntchito yokonza kabuku ka mwambo inagwera ine. Maphunziro anga a ku yunivesite, amene abale anali asanawapezere ntchito, anaoneka tsopano kuti angathandize pa kompyuta.

Atsibweni analamula kuti mutu ukhale m'zilankhulo zitatu: Chichewa cha anthu, Chingerezi cha asuweni ochokera ku Joni, ndi Chingoni, chimene pa tonsefe ankachimva bwino ndi malemuwo basi. Pachikuto zinatheka mosavuta. Vuto linali kamzere kamene pulogalamu yolembera imaika pamwamba pa tsamba lililonse ikamatulutsa fayilo yokasindikiza. Kameneka kamalandira mawu ochepa, ndipo kamawabwereza mpaka kumapeto mopanda manyazi.

"Muikepo chiwongo chawo m'Chingoni," anatero atsibweni, atatsamira mpando wanga. "Paliponse munthu angatsegule, akumane nawo."

Azakhali, mwana woyamba wa malemuwo, analowererapo.

"Alamu, kodi mapepala a pamwambo amathera kuti?"

"Anthu amasunga."

"Inu munasungapo angati? Simupichirira fodya inu? Mukufuna bambo anga azipsa pakamwa panu tsamba ndi tsamba? Ena akulungire mandasi, ena apite nawo kuseri kwa nyumba?"

Atsibweni anayankha kuti ulemu suopa mafuta, koma mawu awo anali atachepa mphamvu, pakuti m'thumba la malaya awo munkasuzumira chidutswa cha ndondomeko ya ukwati wina.

Ndinawafotokozera kuti pulogalamuyo imalola chikuto kukhala chosiyana ndi masamba ena, ndiponso kuti tsamba lakumanzere likhoza kunyamula mawu osiyana ndi lakumanja. Azakhali anagamula msanga kuposa khoti: chiwongo chikhale pachikuto pokha, pamwamba pa masamba palembedwe dzina la mwambo, kumanzere Chichewa, kumanja Chingerezi, popanda kutchula munthu. Ndinatulutsa fayilo, iwo n'kuyendera tsamba lililonse ndi chala pagalasi, kufufuza ngati bambo awo atsalira penapake.

Tsiku la mwambo, pemphero lomaliza litatha, azakhali anaima potulukira kumanda ndi lichero. Aliyense ankapereka kabuku, iwo n'kung'amba chikuto, n'kumubwezera zotsalazo. Ngakhale abusa sanapulumuke.

Patapita milungu ingapo, ndinaperekeza azakhali ku msika wa Manjawira. Mayi wina anatikulungira mandasi m'pepala limene ndinalizindikira ndisanaligwire. Azakhali analitambasula, nayang'ana kamzere kapamwamba, kamene mafuta anali atakalowerera mpaka kuonekera kuseri.

"Ichi ndi Chingerezi?"

"Inde, azakhali."

"Chisiyeni chinone."

Anadya mandasi awo mosafulumira, napukutira zala pomwepo.