Dzanja Lamanzere la Gwakisa

Gwakisa Mwakalinga anakhala akujambula mapulani a nyumba ku Mbeya kwa zaka khumi ndi zisanu, ndi pensulo ndi rula basi. Iye ankangowaseka anzake ojambulira pakompyuta.

Tsiku lina anapita ku Uyole kukayeza puloti ya mayi wina wamasiye, osadziwa kuti alamu a mayiyo ankalimbirana naye malowo. Atangokhoma chikhomo chachiwiri, m'chimanga munatuluka amuna atatu.

"Iwe watepi, wakutuma ndani m'munda wa bambo athu?" anafunsa wamkulu wawo.

"Pepani akuluakulu, ine ndangolembedwa ntchito..."

Chibonga chinamupeza pakamwa asanamalize. Anagwa chagada, akulavula magazi ndi mano. Wina anamuponda m'nthiti, wina n'kumukulunga tepi yake yoyezera yomwe m'khosi. Wamkulu uja anasolola chikwanje. Gwakisa anatchinga kumutu ndi dzanja lamanja, ndipo zala zitatu zinagwera m'fumbi iye akuona. Mayi wamasiye uja anakuwa mpaka anthu anathamangirako, achiwembuwo n'kuthawa. Apolisi anawagwira sabata yomweyo.

Gwakisa atatuluka m'chipatala, pensulo inkangomupulumuka. Mkazi wake Tumpale, mayi wa mwana wawo Atupele, anakabwereka laputopu yakale kwa mlongo wake wophunzitsa zomangamanga. Munali mapulogalamu awiri ojambulira.

Yoyamba inkafuna kuti munthu azikoka mizere ndi mausi. Dzanja lamanzere linkanjenjemera, makoma n'kumatuluka okhota. Tsiku lachitatu Gwakisa anamenyetsa mausiyo pansi n'kugubuduza tebulo. Tumpale anawakha laputopu, koma tiyi wotentha amene anali patebulopo anamukhutukira m'miyendo.

"Bambo a Atupele, amene anakudulani zala ali kundende," anatero mkaziyo akulira. "Nanga ine ndakulakwirani chiyani?"

Gwakisa anatunga madzi ozizira, n'kugwada kumuthira pamene anapsapo.

M'mawa mwake anatsegula pulogalamu yachiwiri. Iyi inali yosakongola, koma ukangolemba utali ndi ngodya, mzere unkadzijambula wokha. Chala chimodzi chinkakwanira. Miyezi inayi anakhala akujompha mabatani ngati nkhuku, kulakwitsa, kufufuta, kutukwana chamumtima.

Pulani yake yoyamba ya pakompyuta inali ya holo ya tchalitchi china ku Tukuyu, ndipo kukhonsolo inadutsa osabwezedwa. Lero ntchito zimamupeza ali pakhomo. Koma makasitomala akamuitanira chakudya amakana, akuti wakhuta. Sanazolowerebe kudyera dzanja lamanzere pamaso pa anthu.