Atambala a Makolo a Bambo Thiem

Kunja kukangoyamba kuyera, Bambo Thiem ankatuluka atanyamula ndodo yansungwi ndi nsanza, n'kuyamba kuyendera mpanda wolekanitsa bwalo lawo ndi langa. Ankayenda chowerama, akugogoda nsungwi iliyonse. Akapeza kabowo koti n'kulowa chala, ankatsekapo ndi nsanza. Akatero ankapita pakhonde kukavundukula dengu lalikulu lomwe linkagona litafunda bulangete lawo, eni ake atafunda jekete. M'dengumo munkakhala tambala wa chaka chimenecho. Ankamudyetsa mpunga pachikhatho, kumupukuta miyendo ndi kansalu konyowa, kenaka n'kulowa m'nyumba kukayatsa lubani paguwa la makolo. Ine ndikutsuka mpunga kuseri kwa mpanda, ndinkawamva m'mawa uliwonse.

"Bambo, agogo, nonse muli kumeneko, tambala wanu wadzuka bwino. Sanaone chilichonse."

Tambala woika paguwa tsiku lotsekera chaka, Tet, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, isanalowe, amayenera kukhala woti sanakwerepo thadzi. Tonse timadziwa. Enafe timapita kumsika, timafunsa wogulitsa, iye amalumbira, ife timagula, ndipo ngati pali bodza limakhala pamutu pake. Bambo Thiem ankamata matayala a njinga pansi pa mtengo wa pamsika womwewo, ankamva malumbiro onsewo tsiku ndi tsiku, ndiye sankakhulupirira ngakhale limodzi. Ankalera okha tambala wawo kuyambira ali kamwanapiye.

Chinkawadetsa nkhawa n'chakuti m'banja mwawo anatsala okha. Sanakwatire, analibe mwana, ndipo mlongo wawo anakamwalira kutali kum'mwera. Akufa opanda mdzukulu wowaitana pa Tet zithunzi zawo zimapita kukachisi. Kumeneko amasamalidwa bwino ndithu, koma chakudya chake ndi masamba ndi tofu, zibanthu zoyera za soya, basi. Ine ndimapita kukachisi mwezi ukaoneka ndiponso ukakhala wathunthu, ndipo tofu sindimuona vuto. Bambo Thiem ankamuona.

"Amayi a Tham, bambo anga munawadziwa inu," anandiuza tsiku lina pampanda. "Ankakukuta mafupa a nkhuku mpaka galu kumawayang'ana molira. Munthu woteroyo akadye masamba mpaka kalekale? Ine ndikatsikira kumeneko tonse tathera pa tofu. Ndikadali pano ayambe akhuta."

Vuto lawo linali kufulumira kulonjeza. Kamwanapiye kakangomera nthenga, ankakanyamula ndi manja awiri, kukaima nako paguwa n'kunena kuti, "Uyu ndi wanu." Kuyambira pamenepo nkhukuyo sinalinso yawo.

Ngozi yoyamba inachitika chaka chotsatira imfa ya amuna anga, a Luyen. Mabowo onse anali otseka, koma Bambo Thiem anaiwala kuti nkhuku ili ndi mapiko. Ali kuchitsime, tambala akuothera dzuwa, thadzi langa lamawanga linauluka n'kutera m'bwalo mwawo. Mayi Xuyen, amene amagulitsa masamba okulungira banh chung, chakudya chathu cha pa Tet, ankadutsa ndi mtolo wawo. Anatula mtolowo pansi kuti aonerere bwino.

"Achimwene a Thiem, thamangani! Ukwati ukutha inu musanadye kanthu!"

Anafika ndowa ili m'manja, buluku litanyowa. Tambala anali kudzikung'untha nthenga, thadzi langa likuchoka mosafulumira.

"Amayi a Tham, mwaona chiyani inu?"

"Ine ndimayang'ana mpunga wanga," ndinatero.

"Nanga inu a Xuyen?"

"Ndaona zonse. Mwana wanu si waulesi ayi."

"Mwina anangopunthwa n'kugwera pamsana pa mnzake."

"Anapunthwa kawiri?"

Bambo Thiem anakhala pansi pomwepo, ndowa ili pamiyendo. Kumuika paguwa tambalayo sikukanatheka, chifukwa anali atadziwa dziko. Kumudya sikukanatheka, chifukwa anali wa makolo. Mayi Xuyen anati awagulitse, akamuphike ndi masamba a ndimu.

"Si wanga."

"Ndi wa ndani nanga?"

"Wa bambo."

"Afunseni mtengo, ine ndidikira."

Tet ya chaka chimenecho paguwa pawo panalibe nkhuku. Ndinawapatsira pamwamba pa mpanda banh chung awiri amene ndinakulunga ndekha, mpunga womata wokhala ndi nyemba ndi nyama ya nkhumba mkati, komanso mbale ya anyezi wowawasa ndi mpunga wofiira. Anaziika paguwa n'kupepesa mpaka lubani anatha, n'kuyatsa wina kuti amalize kupepesako. Tambala wochimwa uja anali pakhomo akusuzumira.

Chaka chotsatira anaphimba bwalo lonse ndi ukonde wa nsomba. Tambala watsopano ankamumangirira m'dengu kumbuyo kwa njinga, kupita naye kuntchito, kuchipatala, kulikonse. Anapita naye kumaliro a mphunzitsi wathu wakale, njinga inagwa anthu ali mkati molira, dengu linatseguka, ndipo pakhomo pamalirowo panali nkhuku zambiri. Amene anaona akuti oimba zitoliro anasiya kuimba. Tambala ameneyonso anakalowa m'bwalo la ukonde kukakhala ndi mnzake woyamba.

Zinkangotero. Wina anathawira pazenera. Wina anabwerekedwa ndi mwamuna wa Mayi Xuyen ataledzera, n'kubwezedwa madzulo ali wosangalala. Aliyense wolephera ankatsala pakhomo, akudya chimanga cha Bambo Thiem, osaphedwa, osagulitsidwa.

Kenaka kunabwera chaka chimene anapeza nkhuku yofatsa. Sinkalira, sinkayang'ana kumpanda, inkangokhala m'dengu maso ali pansi. Bambo Thiem ankainyadira kwambiri.

"Uyu ndi wopemphera ngati inu, amayi a Tham. Thadzi likadutsa amatembenukira kumbali."

"Lipombo lake likuchedwa kukula," ndinatero.

"Ndi kudzichepetsa kumeneko."

Tet itayandikira, m'mawa wina ndinamva akuvundukula dengu, koma mawu a paguwa sindinawamve. Nditasuzumira ndinawaona ataima pakhonde, dzira lili pachikhatho.

Thadzi limenelo linali litalonjezedwa kale, ndiye linali la makolo. Analitulutsa m'dengu n'kuliika m'bwalo la ukonde, pakati pa atambala ochimwa aja. Mazira ake anali a makolo. Anapiye ake anali a makolo. Pasanathe zaka zambiri m'bwalomo munalibe popondapo. Bambo Thiem ankadya mpunga ndi masamba a m'dambo, atakhala pakampando pakati pa nkhuku zonenepa, zina zitakwera pamapewa pawo. Zonse zimene ankapeza pomata matayala zinkathera kuchimanga. Mudzi wonse unkadzuka kusanache bwino, ofuna ndi osafuna omwe, ndipo Mayi Xuyen ankauza aliyense wogula masamba kuti olemera kwambiri m'mudzi muno ndi akufa a kwa Thiem, kungoti sanalaweko chuma chawo.

Ine sindinkaseka pamaso pawo. Nkhuku zanga ndinazidula mapiko, ndipo chaka chilichonse ndinkakulunga banh chung awiri oonjezera popanda kufunsidwa.

Chaka chatha zinatheka. Tambalayo anamulerera m'nyumba, pamwamba posungira mpunga, iwo n'kumagona patsinde pa makwerero. Sanaonepo thadzi, sanaonepo ngakhale mvula. Tsiku lotsekera chaka litafika, Bambo Thiem anasamba, anavala malaya oyera, anamupha mwaulemu. Anamumanga khosi ndi luzi la nsungwi kuti mutu uime, mapiko anawapinda chakumbuyo ngati wofuna kuuluka, n'kumuika mumphika wa madzi ozizira pamoto wochepa kuti khungu lisang'ambike. Atapsa anamudzoza mafuta mpaka anawala chikasu. Anabwera pampanda kudzapempha duwa lofiira la pakhomo panga, analiika kukamwa kwa tambalayo, n'kumukhazika paguwa atayang'ana kumene kuli lubani.

Lubani atatha, makolo atadya, anatiitana ine ndi Mayi Xuyen kuti tidye nawo zotsala monga mwa mwambo. Mayi Xuyen anatafuna, anatafunanso, n'kuika timitengo todyera pansi.

"Achimwene, musakhumudwe. Nyama iyi ilibe nkhani."

"Ilibe chiyani?"

"Sinathamangepo, sinamenyepo ndewu, sinafunepo munthu. Ikungomveka ngati tofu."

Ndinaganiza kuti akwiya. Koma Bambo Thiem anaseka mpaka kutsamwa, kuseka kumene sindinakumvepo zaka zonse tinakhala moyandikana. Atapukuta misozi anayang'ana chithunzi cha bambo awo.

"Adya ndithu," anatero. "Kamodzi."

Masana omwewo, pondiperekeza kumpanda, anandipempha kuti akadzamwalira ndidzawaikire mbale paguwa la m'nyumba mwanga, ndiziwaitana pa Tet. Ndinati mphika wanga uli pamoto, ndipo unalidi pamoto.

Guwa la m'nyumba mwanga si langa. Ndi la a Luyen ndi makolo awo. Kuikapo mbale ya mwamuna wina, wosakwatira, woyandikana naye nyumba, si chinthu chimene mkazi wamasiye amangodzuka n'kuchita. Mayi Xuyen akanafalitsa nkhaniyo msika usanatseke. Ndiye ndinachita zimene timachita: ndinayatsa lubani, ndinawafotokozera a Luyen, n'kuponya timakobiri tiwiri takale pasosa. Kamodzi kakagwa chagada kena chafufumimba, ndiye kuti avomera. Tonse tiwiri tikagwa chafufumimba, akana. Tanga tinagwa tonse chagada, ndipo zikatero timati akuseka. Ndinafunsanso mwezi uli wathunthu. Anasekanso. A Luyen ali moyo sanali munthu woseka, choncho sindinadziwe kuti ndimve bwanji. Ndinati ndidikire, nthawi ilipo. Bambo Thiem sanandikumbutse. M'mawa uliwonse ankangondipatsa moni pampanda n'kupitiriza kutseka mabowo.

Anamwalira mvula ikutha. Ndinawapeza ine m'mawa, atatsamira mpanda, nsanza ili m'manja. Tambala wa chaka chino anali asanavundukulidwe.

Akuluakulu a mudzi anaika maliro, n'kutenga zithunzi zonse za paguwa, chawo chomwe, kupita nazo kukachisi. Nkhuku palibe anazikhudza. Mayi Xuyen okha anatengako imodzi, m'mawa mwake dzino linawatupitsa tsaya, ndipo anabweza ziwiri. Nsanza za mumpanda zinaola, ukonde unang'ambika, nkhuku za makolo a Thiem zinayamba kulowa kwanga. Pano zimagona pakhonde panga, zasakanikirana ndi zanga, sindidziwanso kuti yanga ndi iti. Tambala wa m'dengu uja ndinamutsegulira tsiku la maliro lomwelo. Sanachedwe.

Dzulo ndinapita kukachisi. Chithunzi cha Bambo Thiem chili pamzere wapansi, pafupi ndi cha bambo awo, ndipo patsogolo pawo panali mbale ya tofu yokonzedwa bwino kwambiri. Ndinayatsa lubani, koma sindinathe kuwayang'ana nthawi yaitali.

Lero ndatsuka masamba, ndaviika mpunga, ndakulunga banh chung. Pomaliza ndapeza kuti manja anga akulunga awiri oonjezera monga mwa nthawi zonse. Tham, mwana wanga, wabwera kuchokera kutauni, ndipo wandifunsa kuti awiriwa ndi a ndani. Ndamutuma kukakoleza moto. Timakobiri tili pasosa, sindinatiponyebe. Mbale yaing'ono yamaluwa abuluu ndaitsuka, ili pashelufu, pakati pa khitchini ndi guwa. Tambala woyamba uja, wokalamba, wathothoka khosi, waima pakhomo akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Tsiku lija pampanda, Bambo Thiem anavula chipewa asanalankhule, ndipo ankayang'ana nsungwi, osati ine.

"Amayi a Tham, sindikuti pafupi ndi a Luyen ayi. Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa botolo la maluwa, poti alendo sangaone. Mbale imodzi yokha, ine ndi bambo ndi agogo tizikagawana. Za tambala musadzavutike ngati mmene ndavutikira ine. Mudzangogwira aliyense mwa ochimwa aja. Mudzandiitana?"