Malo Amene a Kaseti Ankathamangitsa

Mumsika, ukangodutsa mzere wa okonza mawailesi, pali kashopu kopapatiza moti anthu awiri sangadutsanemo osakhudzana. Mmenemo ndi mmene mumapezeka a Kaseti. Dzina lawo lenileni lilipo, koma linatsalira pachiphaso. Makaseti a vidiyo anatha kalekale, kunabwera madisiki, kenako timafulashi tosowa m'thumba la malaya, koma dzinalo linawakakamira mpaka imvi zinadzaza mutu.

Pa mafilimu ankhondo mkulu ameneyu analibe wopikisana naye. Ukawafunsa za chikondi ankangokulozera ndi mlomo kabokosi ka pakona. Koma ungotchula nkhondo, ankadzuka pampando, kupukuta magalasi, ulaliki n'kuyambika. "Filimu yabwino," ankatero, "mfuti ilire munthu usanakhazikike bwino. Zina zonsezo n'zotayitsa nthawi."

Maganizo amenewa anachokera nawo kutali. Akadali ndi mphamvu zawo anali ndi chipinda choonetsera vidiyo: mabenchi asanu ndi atatu, nsalu yakuda pakhomo, kanema pamwamba pa kabati. Anthu obwera kudzaonera analibe mtima wodikira. Asilikali a mufilimu akangosiya kuwomberana n'kuyamba kulemba makalata, kapena mzimayi akangotulukira atagwira mpango kumaso, mabenchi onse ankakuwa: "Thamangitsani, a Kaseti! Sitinabwere kumaliro ife!" Iwo n'kuthamangitsadi. Chala chinazolowera mpaka chinkadziwa chokha poyambira ndi polekezera. Chipatala, manda, uthenga wofika pakhomo, zonsezo zinkadutsa mwa phazi thandize, anthu akuyenda moseketsa, pakamwa pakugwedera popanda mawu. Filimu ya maola awiri inkatha mu ola limodzi. Anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankadzitama nazo.

Mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, anakulira pabenchi yakutsogolo. Anthu anamutcha Sajeni asanayambe ndi sukulu yomwe, chifukwa ankapatsa sawatcha aliyense wolowa pakhomo. Atamaliza sukulu anakalembetsa usilikali. Mayi ake analira sabata yathunthu. A Kaseti, kunena mosabisa, tsiku limenelo anayenda ngati msika wonse ndi wawo.

Sajeni anatumizidwa kunkhondo ya m'dziko lina lakutali. Patapita zaka ziwiri anabwerako, usajeni weniweniwo asanaupeze, mkono wakumanzere utatsala konko. Analowa m'chipinda cha kuseri n'kukankha chitseko. Ndi mayi ake ankayankhulako pang'ono, akamamupindira mkono wa malaya n'kuugwiriza ndi pini. Koma kwa bambo ake anali ndi mawu awiri okha, moni wa m'mawa ndi moni wa madzulo, ndipo onse ankawanena akuyang'ana pansi.

Chaka chinatha choncho. A Kaseti zinkawapweteka kwambiri, kuposa mmene ankaonetsera. Munthu woti ankatha kuyankhula ndi kasitomala mpaka kumuiwalitsa chimene wadzera, kunyumba kwake anakhala wosowa chonena. Anayesa kumusiyira mafilimu a nthabwala pakhomo la chipinda, m'mawa n'kuwapeza ali pomwepo. Ankalakalaka mwanayo atangowalalatira, ngakhale kuwatukwana kumene, bola amve kuti akadali bambo wa munthu.

Lachisanu lina kushopu kunabwera aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anali atangokhometsa mashelefu atsopano pabalaza pawo.

"Ndamva kuti katswiri ndinu," anatero. "Mundisankhire mafilimu khumi ankhondo oti ndisunge kunyumba. Osati oonera kamodzi n'kutaya ayi. Koma chonde bambo, ndinapsa kale kwina. Disiki imafika pakati n'kuyamba kudumpha. Iliyonse muiyese kuyambira poyamba mpaka mayina a kumapeto aja."

"Nkhani yaing'ono imeneyo, aphunzitsi," anayankha a Kaseti.

Kusankhako sikunawatengere nthawi. Anatsitsa ya asilikali otsekeredwa pamlatho, ya m'sitima yoyenda pansi pa madzi, ziwiri za m'chipululu, ina ya oyendetsa ndege, mpaka zinakwana khumi. Vuto linali lonjezo lija. Kushopu kunali phokoso ndi makasitomala, ndiye Lamlungu masana anatengera mulu wonsewo kunyumba. Chibwerereni mwana wawo anali asanaikepo filimu yankhondo m'nyumbamo. Anatsitsa mawu kwambiri, n'kukokera mpando pafupi ndi kanema.

Anayamba ndi ya pamlatho. Mfuti zinalira, mlatho unagwa, utsi unatha. Kenako kunaoneka basi ikuyenda mumsewu wa fumbi, ndipo chala cha a Kaseti chinali chitafika kale pa rimoti. Anakumbukira mawu a aphunzitsi. Anaponya rimotiyo pampando wina, manja n'kuwapanira pakati pa mawondo.

M'basimo munatsika msilikali wachinyamata, chipewa chili m'manja. Anaima pachipata cha nyumba ina. Mzimayi amene ankayanika zovala anamuona, koma sanasiye kuyanika. Anatenga malaya ena, kuwakutumula, kuwapachika. Anatenganso ena. Dengu litatsala lopanda kanthu m'pamene anatembenuka n'kufunsa kuti, "Anavutika nthawi yaitali?"

Filimu imeneyi a Kaseti anaionetsa maulendo oposa mazana awiri. Mawu a mzimayi ameneyu anali asanawamvepo.

Kumbuyo kwawo kunamveka kupuma kwa munthu. Atacheuka anaona Sajeni ataima pakhomo la pabalaza, atatsamira khoma. Anadzuka mofulumira kuti akazime.

"Isiyeni," anatero Sajeni.

Anabwera n'kukhala pampando wina uja, rimoti n'kuiika pansi. Anaonera mzimayiyo akulowetsa msilikali m'nyumba, kumupatsa madzi akumwa, n'kukhala pansi kumumvetsera.

"Iyi ndimaidziwa," anatero mwanayo, maso ali pakanema. "Ndinkaloweza mawu ake onse. Koma mayi awa sindinawamvepo akuyankhula."

"Pamenepa ndinkathamangitsa, mwananga."

"Ndikudziwa," anatero Sajeni. "Ine kunkhondo kuja ndinapita ndikudziwa theka lokha, bambo. Theka lanu lija."

A Kaseti anafuna kunena kuti si iwo okha, mabenchi onse ankakuwa, akanapanda kutero anthu akanasamukira kwina. Chaka chathunthu ankalakalaka kuti mwana wawo awayankhule, ndipo tsopano atawayankhula, zinawawa kuposa chete uja.

"Ndinalakwa," anatero motsitsa.

Sajeni sananene kuti palibe kanthu. Sananenenso kuti wawakhululukira. Anadikira mpaka mayina a kumapeto anayamba kukwera, kenako anapita kuchipinda kwake n'kubwerako ndi kaphukusi kokulungidwa m'mpango wotuwa. Anakaika patebulo n'kukamasula ndi dzanja limodzi, mano akuthandizira. Munali wotchi yosweka galasi ndi mphete yaukwati.

"Izi n'za mnzanga," anatero. "Tinali limodzi tsiku limene mkonowu unapita. Iye sanadzuke. Anandiuza kuti ndikapereke ndekha kwa mkazi wake. Uthenga anaulandira kale, mwambo wa maliro unachitika ine ndili m'chipatala. Koma izi zikadali kwa ine. Kawiri konse ndakwera basi, kawiri konse ndabwerera pasiteji. Sindidziwa kuti munthu amaima bwanji pakhomo ngati limenelo." Anawayang'ana bambo ake m'maso, koyamba chibwerereni. "Mawa mutseke shopu, mundiperekeze."

Aphunzitsi aja analandira katundu wawo patatha sabata ziwiri, ndipo pa khumi paja a Kaseti anali atachotsapo anayi n'kuikapo ena, a mfuti zochepa. Koma zimenezo n'zapambuyo.

Lolemba m'mawa a Kaseti anavala jekete limene ankasungira misonkhano. Mayi a Sajeni anasita malaya oyera a mwana wawo. M'basi awiriwo anakhala mpando umodzi maola awiri, kaphukusi kali pamwendo pa Sajeni. Atatsika, Sajeni anaima pasiteji nthawi yaitali akuyang'ana basi yobwerera imene inkaitanira anthu tsidya lina la msewu. A Kaseti sanamukoke, sanamulimbikitse. Anangoima pambali pake mpaka basiyo inadzaza n'kunyamuka.

Nyumbayo inali yachitatu kuchokera pampopi, ya chitseko chobiriwira. Pakhonde panali nsapato za mzimayi ndi ndowa yovundikira. M'kati munkamveka wailesi, ndi munthu akutsuka mbale. Sajeni anakwera masitepe awiri a pakhondepo n'kuima. Dzanja lake lokhalo linali litafumbata kaphukusi kaja molimba, ndipo a Kaseti anaona kuti sangakasiye pansi.

Anavula chipewa chawo. Kenako anatambasula dzanja lawo n'kugogoda katatu, ndipo m'nyumbamo mbale zinasiya kulira.