Chikhakha chomwe ndinamangira azakhali pakhonde

Ndinapundula dzanja la azakhali anga ndi manja angawa, ndipo sindikubisanso. Abale akuti kukamba nkhaniyi ndi kudzivula pagulu. Anene zomwe akufuna. Inu owerenga, makamaka inu amene kwanu amakutchulani kuti "dokotala wathu", ndimvereni.

Ndine mkazi wokulira ku Kawale, makolo anga ndi a ku Ntcheu. Nditamaliza sukulu ya udokotala n'kugwirako ntchito, ndinapeza malo pa maphunziro a ukatswiri wa mafupa. Awa si maphunziro ongokhala m'kalasi ayi. Umagwira ntchito m'chipatala zaka zingapo pansi pa madokotala akuluakulu, ndipo chilichonse chomwe wachita amachiona n'kukufunsa chifukwa chake. Malo ake ndi ochepa, ukawataya wataya. Anzanga ena aamuna sankabisa kuti mafupa amafuna mphamvu za mwamuna. Ine ndinkangowaseka poti pamayeso ndinkawasiya kutali.

Ndili m'chaka chachiwiri, Loweruka lina m'mawa, azakhali anga amene ankasoka zovala ku Biwi anagwa pa kabaza n'kuthyoka mkono wamanja. M'malo mopita nawo kuchipatala, anthu anabwera nawo kwathu. Bambo anati kukaima pamzere tili ndi dokotala wa mafupa m'nyumba n'kudzinyoza. Ndinayenera kukana. Koma pakhonde panali patadzaza azimayi a kutchalitchi ndi oyandikana nafe, maso onse ali pa ine, ndipo ndinadzimva kukula. Ndinathamangira kufamase kukagula mabandeji a chikhakha.

Mkono umene wangothyoka kumene umatupa. N'chifukwa chake amatiphunzitsa kuti fupa liyambe lajambulidwa, ndipo masiku oyamba chikhakha chikhale cha mbali imodzi kuti mnofu ukatupa upeze popumira. Zimenezi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Kujambula ndinakudumpha, koma chikhakha ndinayamba kuchimanga mwa njira yake. Azakhali ataona kuti chathera theka anakwinya nkhope.

"Iwe, ukundiumira eti? Cha a Nachisale oyandikana nane chija chinazungulira mkono wonse."

Anthu anaseka. Mayi wina anati mwina mwanayu sanafike pa phunziro limenelo. Mawuwo anandibaya, ndipo ndinakulunga mkono wonse, cholimba, chosalala ngati khoma la nyumba yatsopano. Azimayi aja analulutira, ine n'kumamwetulira ngati ndachita zanzeru.

Ululu utakula Lamulungu, azakhali sanandiuze. Ankaopa kundichititsa manyazi, komanso odzawazonda ankawalimbitsa mtima kuti kupwetekako ndiye kuti fupa likulumikizana. Ine ndinali kuntchito, sindinaimbe n'komwe foni. Lachiwiri anawabweretsa kuchipatala chomwe ndimaphunzirira, zala zitatupa, zitachita dzanzi. Amene anadula chikhakhacho anali mphunzitsi wanga weniweni, bambo wosaseka ndi munthu. Anathamangira nawo kufiyeta kukang'amba mnofu kuti magazi ayambenso kuyenda. Mkono unapulumuka, koma zala zitatu zinapindika mpaka lero. Sangagwirenso sizasi.

Atafunsidwa amene anawamanga, azakhali ananama kuti ndi kakiliniki kena komwe aiwala dzina lake. Bambo anga anandikokera pambali pakhomo la wodi.

"Khala chete, mwana wanga. Azakhali ako akuteteza. Ukatsegula pakamwa, sukulu yathera pompa."

Ndinakhaladi chete masiku awiri, ndipo masiku awiriwo ndimachita nawo manyazi kuposa chikhakha chija. Tsiku lachitatu, pa msonkhano wa m'mawa pomwe ophunzirafe timafotokoza za odwala, mphunzitsi uja anaonetsa chithunzi cha dzanjalo n'kunena kuti amene anachita zimenezi sanapondepo m'kalasi. Anzanga anapukusa mitu. Ine ndinaimirira n'kunena kuti ndine, kuti m'kalasi ndinapondamo bwinobwino, kungoti ndinaopa kusekedwa.

Akuluakulu a maphunziro anandiitana. Ndinalowa ndikudziwa kuti akhoza kundichotsa, ndipo sindinapemphe kuti andimvere chisoni. Ndinangofotokoza zonse m'mene zinayendera. Anandibweza chaka chathunthu, ndipo kwa miyezi ingapo sankandilola kumanga ngakhale chala popanda wamkulu pambali. Anzanga aamuna aja anapeza pokambira. Wina anandilangiza mokoma kuti ndisinthe ndipite ku matenda a ana, poti kumeneko kulibe zolemera. Ndinamuuza kuti azindipeza kufiyeta m'mawa uliwonse, ndipo akundipezadi.

Kunyumba ndiye kunavuta kuposa. Bambo mpaka pano amati ndinataya chaka mwauchitsiru pa nkhani yomwe inali itakwiririka kale. Ku Kawale akuti ndayamba matama chifukwa aliyense wobwera pageti ndi bondo kapena msana ndimamuuza kuti apite kuchipatala. Eya, ndimawabweza. Ndinabweza mkulu wa mpingo, ndinabweza amalume anga enieni atayenda ulendo kuchokera ku Area 25, ndipo mawa ndibwezanso wina. Andide, sindisintha. Maphunzirowa ndiwamaliza, kaya wina afune kaya asafune.

Azakhali okha ndi amene sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndizo zimandipweteka kwambiri.

Inu amene mukuphunzira ntchito yogwira matupi a anthu, wachibale akadwala musamuthandizire pakhomo. Mutengeni, mukaime naye pamzere, amuone wina amene sakuopa nkhope yake. Zimene munaphunzira musazisinthe chifukwa gulu lakwinya nkhope, ndipo mukalakwa nenani nokha asanakufunseni. Ndikanangolola kuti anthu aja andiseke tsiku limenelo, pofika Lolemba akanaiwala. Azakhali anga amadya ndi dzanja lamanzere.