Ludvik Zupan, Wosamutsa Nyumba za ku Brannock

Ludvik Zupan anabadwira ku Brannock mu 1921, m'nyumba ya matabwa yoyandikana ndi njanji. Nthawi imeneyo m'mudzimo munali anthu oposa chikwi chimodzi, ndipo onse ankadalira mgodi wa malasha. Bambo ake anachokera ku Slovenia, anansi awo anali Afinishi ndi Ataliyana, moti ana a kumeneko ankakula akudziwa kutukwana m'zinenero zinayi.

Analowa mu mgodi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ntchito yake inali yoimika mitengo yochirikiza denga kuti lisagwere anthu. Anaigwira zaka khumi ndi zisanu mpaka anafika poti akagogoda mwala ndi chitsulo, ankadziwa ndi khutu lokha ngati ugwa kapena ayi. Anakwatira Doreen, mwana wa wosula zitsulo wa pamgodipo, nabereka mwana mmodzi, Irene.

Mu 1953 sitima zinayamba kuyendera dizilo, malasha n'kusowa wogula. Kampani inatseka mgodi, ndipo inauza anthu kuti nyumba angathe kugula motchipa koma malo sakugulitsa. Wogula nyumba anayenera kuichotsapo.

Ludvik anapita kwa mnzake Gwyn Pritchard, amene ankagwira naye ntchito pansi.

"Aise, ife tachirikiza phiri lonse lija zaka zonsezi. Kanyumba ka matabwa kangatikanike?"

"Phiri silinkayenda pamsewu," anatero Gwyn. Komabe anavomera.

Anapeza lole yakale, majeke asanu ndi atatu ndi mitanda yomwe inatsala pamgodi. Nyumba yoyamba anainyamula osagwetsa kaye chumuni, ndipo pa bampu yoyamba njerwa zonse zinagwera m'khitchini. Mwini wake anawalalatira mpaka mawu kusasa. Kuyambira pamenepo ankayamba ndi chumuni, kenako khonde, kenako n'kukweza nyumba pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya, mpaka itakhala pa mitanda. Zambiri zinkapita ku Ashby, tauni ya kuchigwa, ulendo wa mailosi khumi ndi anayi umene unkawatengera tsiku lathunthu.

Nkhani yomwe anthu amaikumbukirabe ndi ya Mayi Koskela, mayi wamasiye wa Chifinishi amene amuna awo anafa ndi chifuwa cha fumbi la mu mgodi. Mwana wawo anawapezera malo ku Ashby mu 1957. Tsiku losamutsa, Ludvik anawapeza atakhala pampando pafupi ndi zenera, akuluka sokosi.

"Mayi, tulukanitu, tikufuna tikweze nyumbayi."

"Kwezani. Ndakuletsani ndani?"

"Simungakhale m'katimu. Ikapendekeka muvulala."

"Ludvik, ine ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula pamsewu uwu. Lero undiuze pokhala? M'nyumba muno ndinalowa ndili mtsikana, ndipo sindituluka kuti anthu azindiona ndikuilondola pambuyo ngati galu."

Gwyn anayesa kuwanyengerera kuti akhale kutsogolo kwa lole, koma iwo sanamuyang'ane n'komwe. Mwana wawo anangotukula mapewa. Pamapeto pake Ludvik anakhomerera miyendo ya mpando uja pansi ndi misomali, n'kuikweza nyumbayo mayiwo ali momwemo.

Anayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse, Gwyn ali padenga ndi mtengo wautali wokankhira mawaya a magetsi m'mwamba. Atafika pamlatho, Ludvik anamva kugogoda kwamphamvu pazenera. Anaimitsa lole n'kuthamangira kumbuyo.

"Mwavulala, mayi?"

"Ndivulala ndi tulo. Ukuyendetsa ngati wanyamula maliro. Tifika chaka chino?"

Ludvik anawonjezera liwiro, moti anafika dzuwa likadali m'mwamba, n'kuitsitsa nyumbayo pa maziko ake atsopano. Mayi Koskela anasuzumira pazenera la kukhitchini, anapukusa mutu, nanena kuti zeneralo kale linkayang'ana kum'mawa ndipo iwo sangaphike atayang'ana khoma la eni ake. Ludvik sanatsutse. M'mawa mwake anabweranso ndi majeke, anaitembenuza nyumba yonse, ndipo mayiwo anawapatsa khofi ndi buledi wotsekemera, n'kuwauza kuti ntchito yawo si yoipa kwenikweni.

M'zaka khumi ndi ziwiri anasamutsa nyumba zoposa zana limodzi ndi makumi anayi, tchalitchi cha Akatolika ndi theka la sukulu. Brannock inatsala maenje ndi masitepe a simenti osapita kulikonse. Ena mwa otsalawo sankamuonera kukondwa. Tsiku lina ku positi ofesi, mkulu wina wopuma pantchito anamuuza pamaso pa anthu:

"Kampani inangotseka mgodi. Mudziwu wautha ndiwe."

"Ndikanazisiya nyumbazo bwezi zitaolera pomwepo," anayankha Ludvik. "Yanu ija ndidzabwere liti?"

Anthu anaseka, koma mawuwo anamukhala mumtima. Kunyumba anamuuza Doreen kuti nthawi zina akamadutsa pamizere yopanda kanthu pomwe kale panali nyumba amatchula mayina a mabanja mmodzimmodzi, ndipo pena amaiwala kuti apa pankakhala ndani.

Nyumba yake sanaisamutse. Doreen ankafuna kupita ku Ashby komwe kunali dokotala ndi masitolo, ndipo chaka chilichonse ankafunsa.

"Bambo a Irene, nyumba za anthu onse mwazipititsa. Yathuyi inamera mizu?"

"Chaka chamawa, mayi."

"Chamawa chanucho chinayamba Irene ali pasukulu."

Chifukwa chenicheni sanachinenepo. Mwina analibe.

Nyumba zosamutsa zitatha, Gwyn anapita kwa ana ake kunyanja ya kumadzulo, ndipo Ludvik analembedwa ntchito yosalaza misewu ya m'bomalo ndi kukankha chipale chofewa nyengo yozizira. Kalembera wa 1970 anapeza anthu makumi asanu ndi limodzi ku Brannock. Wa 1980 anapeza makumi atatu ndi mphambu zinayi, ndipo chaka chotsatira positi ofesi inatsekedwa. Nthawi imeneyo n'kuti chifuwa chitayamba kumuvuta Ludvik, moti kuchoka pakhomo kukafika kumsewu ankapuma kawiri.

Doreen anamwalira mu 1988. Irene anabwera kudzatenga bambo ake, iwo anakana, ndipo anagwirizana kuti aziwaimbira foni Lamlungu lililonse. Anakhala okha zaka zisanu ndi chimodzi, akudziphikira mbatatesi ndi soseji, akulima kabichi kuseri kwa nyumba.

Ludvik anamwalira mu Malichi 1994 kuchipatala cha ku Ashby, atagonako masiku anayi. Anamuika kumanda a ku Brannock, pamtunda. Msewu wopita kumeneko unali utatsekeka ndi chipale, moti mwambo unachedwa ndi maola awiri. Pa anthu khumi ndi asanu ndi anayi amene ankakhalabe m'mudzimo anabwera khumi ndi mmodzi. Enawo anali odwala, ndipo awiri ng'ombe zawo zinali kubereka.