Mkaka pa Phewa Langa

M'mawa umenewo ndinali kuthira oilo wakuda pa thayala la wilibala yanga. Inali nyengo yozizira. Tinkakhala ku komboni ya George, m'chipinda chimodzi cha lendi, ine ndi mkazi wanga Esinati. Ntchito yanga inali yonyamulira anthu katundu ku msika wa Matero. Ndinali mnyamata. Ndevu zinali zisanagwirane.

Mwana wathu anali wa masiku ochepa. Mchombo unali usanagwe. Dzina analibe. Kwathu ku Katete mwana wotere satuluka m'nyumba, ndipo bambo wake samugwira. Amati manja a mwamuna ndi otentha, mwana angatupe. Ine ndinkamuonera pakhomo.

Anali mwana wovutika ndi mpweya. Akayamwa, mimba inkauma ngati kang'oma. Ankapinda miyendo, nkhope n'kufiira, kenako mkaka n'kubwerera. Nthawi zina unkatulukira m'mphuno. Mankhwala a ana m'masitolo munalibe. Inu obadwa pambuyo simunaone mashelufu a zaka zimenezo. Munkakhala fumbi. Sopo, shuga ndi saladi, mafuta ophikira aja, tinkaziimira pamzere.

Amene ankamutha mwanayo anali Amake Daliso, a chipinda choyandikana nafe. Ankagulitsa malasha pakhomo. Esinati akayamwitsa pang'ono, iwo ankati basi, n'kumutenga. Ankamuimiritsa pachifuwa, chibwano pa phewa lawo. Ankasisita msana kuchokera m'chiuno kukwera, pang'onopang'ono, kenako n'kumenya mofewa ndi chikhato chopinda ngati akutunga madzi. Akageya, ankamubwezera ku bere. Akakhuta sankamugoneka msanga. Ankayenda naye m'chipindamo ali chiimire. Mimba ikauma, ankamugoneka chagada pa miyendo yawo n'kumupalasitsa timiyendo ngati ali pa njinga.

Malasha sankachoka m'manja mwawo, ngakhale asambe bwanji. Pa kamalaya koyera ka mwana pankatsala zala.

"Imwe ba Sakala, penyani chabe," ankatero akandiona pakhomo. "Nthawi yanu izabwela. Manje ndimwe mbaula."

Unga unali utakwera mtengo. Tinkangomva kuti m'tauni muli chipolowe. Tsiku limenelo chinafika kwathu. Poyamba linali phokoso lakutali, ngati la ku mpira. Kenako mfuti.

Anthu anayamba kudutsa akuthamanga. Anali atathyola sitolo ya boma. Matumba ankang'ambika m'njira, unga n'kumauluka. Amuna ndi akazi anali oyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso okha akuda. Wina anadutsa atasenza sikelo. Wina anakumbatira nsapato za phazi limodzi zokhazokha. Ine ndinangoima ndi botolo la oilo m'manja.

Utsi wa apolisi, wokhetsa misozi uja, unabwera pambuyo pawo. Unkayenda pansi, pakati pa nyumba, osafulumira. Unalowa m'chipinda mwathu kudzera pansi pa chitseko. Esinati anayamba kutsokomola.

Amake Daliso anaviika chitenge m'ndowa n'kufunditsa mwana. Iwo eni mwambo ndi amene analamula kuti atuluke, mchombo usanagwe. Anayala bulangeti mu wilibala n'kumukhazika Esinati, poti sakanatha kuyenda mtunda. Anati tipite ku Chazanga, kwa azakhali anga. Iwo akafune kaye Daliso wawo, amene anali atapita ku msika ndi thumba la malasha.

"Nizakupezani pa njila," anatero.

Analowa mu utsi. Chomaliza kuoneka chinali duku lawo lofiira.

Ndinakankha. Msewu ndinaupewa, ndinadzera tinjira ta kuseri kwa Matero. Thayala silinalire. Pamphambano ina basi inali kuyaka yokha, popanda woionera. Patsogolo pake panagona mwamuna chafufumimba, nsapato imodzi ili patali. Esinati anaphimba nkhope. Ine ndinazungulira.

Mwana anayamba kulira. Kutsogolo kunaima lole ya asilikali. Tinabisala kuseri kwa khoma la tchalitchi chosatha kumanga. Esinati anamupatsa bere kuti akhale chete. Anayamwa mwaphuma, kumeza ndi mpweya womwe. Kumuchotsa pakati sikukanatheka. Akanalira, asilikali akanatimva.

Lole itachoka, nthawi yodikira kuti ageye panalibe. Esinati anamugoneka pa miyendo, ine n'kukankha mothamanga. Njira inali ya miyala.

Nyumba zinatha. Tinalowa m'minda ya chimanga chouma. Kumeneko kunali zii. Mphepo yokha inkayenda m'mapesi. Esinati anati ndiime. Anavundukula chitenge. Mkaka unali m'kamwa ndi m'mphuno mwa mwana. Maso anali otseguka. Sankalira. Milomo inali itayamba kuda.

Esinati anayesa kumudzutsa. Koma mu wilibala munthu sakhala mowongoka. Anandiyang'ana. Anayang'ana manja anga, akuda ndi oilo. Ine sindinasunthe.

"Mutengeni," anatero.

Ndinapukuta manja pa buluku. Ndinazolowera matumba a simenti. Uyu sankamveka n'komwe m'manja.

Ndinamugoneka chafufumimba pa mkono wanga, mutu chakumunsi pang'ono, monga ndinaonera tsiku lina ndili pakhomo. Ndinamenya kumsana mofewa. Mkaka unadontha pa fumbi. Ndinamutembenuza, n'kuyamwa timphuno take ndi pakamwa panga, n'kulavula. Anatsokomola. Kenako analira, kakulira kochepa ngati ka mwana wa mphaka.

Ndinamuimiritsa pachifuwa, chibwano pa phewa langa. Ndinasisita kuchokera m'chiuno kukwera. Mimba yake inali gwa pa nthiti zanga. Ndinapinda chikhato. Ndinayenda naye uku ndi uku m'mizere ya chimanga. Kumbuyo, utsi wakuda unaima pamwamba pa Matero ngati mitengo italiitali. Mfuti zinkamveka ngati munthu akukhoma misomali kutali. Gulugufe woyera anatera pa chogwirira cha wilibala, osachoka. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yotani m'mundamo.

Anageya. Kunali kugeya kwa munthu wamkulu, wochokera ku mowa wamasese. Esinati anaseka, misozi ya utsi ikadali m'masaya. Mkaka wofunda unatsika kumsana kwanga, mkati mwa shati. Kamimba kanafewa.

Sitinamugonekenso. Koma wilibala sikankhidwa ndi dzanja limodzi. Esinati anandimangira mwana pachifuwa ndi chitenge, ali chiimire, mutu pansi pa chibwano changa, mphuno poyera. Mfundo anaimanga kumsana kwanga. Ndinakankha pang'onopang'ono, ndikusankha pomwe palibe mwala. Mpweya wake unkandithira pakhosi. Ndinkayenda ndikuumvetsera.

Pa msewu waukulu wopita ku Kabwe panali asilikali. Anali ataika migolo pakati pa msewu. Mmodzi, wamsinkhu wanga, anabwera. Anayang'ana Esinati mu wilibala. Anayang'ana chitenge cha maluwa pachifuwa panga, ndi mkaka pa phewa. Anakweza m'mphepete mwa chitenge ndi chala, n'kuona kamutu. Anzake anayamba kuseka.

"Pitani, amai," anandiuza.

Ndinapita.

Ku Chazanga kunali ngati dziko lina. Ana ankasewera mpira wa mapepala. Mayi wina ankayanika matewera. Dzuwa linali litapendeka. Azakhali anatuluka, n'kuona amene wanyamula mwana. Anagwira pakamwa. Anamasula mfundo, n'kumulandira. Shati yanga inali itauma gwa ndi mkaka. Inkanunkha chisasa.

Mchombo unagwera m'nyumba ya azakhali. Mwana sanatupe. Mpweya unamuvutabe kwa miyezi ingapo, kenako unasiya wokha. Nthawi yonseyo womugeyetsa ndinali ine. Azakhali ankayang'ana kumbali.

Zinthu zitazizira ndinabwerera ku George ndekha. Milu ya malasha ya Amake Daliso inali pomwepo, yaing'onoing'ono, monga anaiyalira m'mawa uja. Palibe anatengapo. Eni nyumba anandiuza kuti Daliso anabwera yekha tsiku lomwelo, ali bwino. Amake sanabwere. Anthu anawafuna ku chipatala, ku polisi, ndi kumene amasunga mitembo. Daliso anatengedwa ndi abale awo kupita ku Petauke ine ndisanafike.

Itakwana nthawi yotcha dzina, tinafuna la mayi a malasha aja. Tinafunsa eni nyumba. Tinafunsa azimayi a pa mpopi, ndi anzawo ogulitsa malasha. Palibe ankalidziwa. Onse ankangowadziwa kuti Amake Daliso.

Mwana tinamutcha Daliso.

Lero ndi bambo wa ana ake. Akabwera ndi khanda, limafikira pa phewa langa. Tikadali ku George, pa bwalo lomwe lija. Munthu akaima pa mpanda n'kuitana kuti Amake Daliso, Esinati amavomera. Ine ndimayamba ndayang'ana chitseko chinacho, cha chipinda choyandikana nafe.